Guluu wa a Ridwan

Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chimene a Ridwan ankayambira kupereka moni kwa kompyuta asanapereke kwa mwini wake. Ife a sukulu ya mishoni ku Makwasa tinaphunzitsidwa kuti moni ndi wa anthu. Koma iwo, amene ankayang'anira makompyuta onse a pa esiteti yathu ya tiyi, akalowa mu ofesi ankayamba kuweramira pa sikirini.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Lero akuchitani chiyani anthuwa?"

Kenako n'kukutembenukira ngati wapolisi.

Amene ankaona zakuda kwambiri anali a Goodson, kapitawo wa ku fakitale.

"Achimwene, ine sindinakhudze chilichonse. Yangozima yokha."

A Ridwan ankangotembenuza kiyibodi n'kuigwedeza. Munkagwa makoko a mtedza, shuga, tsiku lina mpaka mutu wa bonya.

"Bonyayu yadyanso yokha, eti?"

Chiperoni chikayamba, ankalamula kuti poweruka aliyense afunditse kompyuta yake chitenje, kuopa chinyezi. Madzulo ofesi yathu inkaoneka ngati mzere wa amayi kusikelo.

Chaka china a Goodson anabwera ndi fulashi ya mafilimu, kachilombo n'kulowa m'makompyuta onse. M'mawa mwake a Ridwan anayenda tebulo ndi tebulo ndi guluu, n'kumata kabowo kalikonse kolowetsera fulashi. Nyimbo, zithunzi za maukwati, zonse anafufuta.

"Kompyuta ya kampani si sutikesi yanu," ankatero.

Komatu panali kanthu kamodzi kamene ankakadumpha ngati sakukaona. Mu kompyuta ya mayi Lestina, mlembi wathu, munali nyimbo imene malemu amuna awo, a Mabvuto, anaimba ndi kwaya ya kwawo ku Khwethemule. Foni imene anajambulira inasowa pamaliro. Mawu a bambowo anatsala m'kompyutamo basi.

Kenako likulu linalamula kuti makompyuta akale afufutidwe, abwere atsopano okiyidwa, ndipo wa vuto aziimba foni ku Blantyre. Ntchito ya a Ridwan inali itathera pomwepo, intaneti ya makina akalewo itadulidwa kale.

Tsiku lofufuta, mayi Lestina anaika fulashi patebulo kuti awakoperemo nyimbo ija. A Ridwan anayang'ana fulashi, anayang'ana kabowo kaja. Anakatokosa ndi pini, pini inapindika. Anatenga msomali. Guluu anali atauma ngati mwala.

"Anamata ameneyu ndi chitsiru," anatero.

"Tinali tikudikira kuti munene nokha," anayankha a Goodson ali pakhomo.

"Zisiyeni, bambo," anatero mayi Lestina. "Ndinawaika kale m'manda. Ndizolowera."

"Khalani pansi, mayi. A Goodson, kazimitseni makina anu aja."

"Fakitale? Masamba ali pa lamba? Mwapenga?"

"Mafilimu aja ndinawauza abwana kuti anali a ndani?"

A Goodson anakanda mutu n'kutuluka. Posakhalitsa phokoso limene tinakula nalo linati zii, mpaka tinamva othyola tiyi akuitanizana kumunda. A Ridwan anatseka mawindo, anatsamiritsa foni ya mayiwo pa sipika kuti ijambule, n'kutsegula nyimbo. Ulendo woyamba ine ndinatsokomola, ndipo diso limene anandiponyera sindidzaliiwala. Ulendo wachiwiri palibe anapuma. A Ridwan, munthu wa kumzikiti, kofiya ili kumutu, anagwirizira foni ndi manja onse awiri mpaka "Ameni" womaliza.

Mayi Lestina anamvetsera pafoni yawo, n'kubisa nkhope m'chitenje.

"Mwamveka bwino, bambo," anatero a Ridwan ku kompyuta ija. Linali tsiku lokhalo limene anaitchula bambo. Kenako anaifufuta monga lamulo linanenera.

Sindine munthu wothamangira kutamanda anthu. Guluu uja anali kulakwitsa, ndipo iwo ankadziwa. Koma masiku ano kompyuta ikazima timaimba ku Blantyre, mawu osadziwika n'kutipatsa nambala yodikirira. Palibe amene amagwedeza kiyibodi ya a Goodson, ndipo akuti bonya sakuwakomanso.

A Ridwan anachoka m'mawa wa chiperoni, panjinga yawo yamoto, chikwama cha masikurudiraiva chili kumsana. Ena akuti ali ku Limbe, ena akuti anawoloka kupita ku Milanje. Alonda a pageti amangoti anakhotera mumzere wa bulugamu, nkhungu n'kuwameza. Mayi Lestina mpaka pano poweruka amafunditsa laputopu yatsopano chitenje, ndipo sitiwafunsa chifukwa.