Kuzizira kwa Galimoto ya Yusufu

Lolemba

Aphunzitsi a sukulu ya kwacha akuti tizilemba zotichitikira tsiku lililonse kuti dzanja lizolowere. Chabwino, ndikulemba.

Mwana wanga Yusufu wagula galimoto kwa mzungu wa kuntchito kwake amene akubwerera kwawo. Yoyera mbee! Ukatseka magalasi n'kupotokola kabatani, m'kati mumazizira ngati m'mawa wa ku Namwera, pamene kunja ngakhale abuluzi akubisala dzuwa.

Loweruka mdzukulu wanga Asiyatu, amene ndinamlera ndekha, akukwatiwa. Galimotoyi ndiyo ikatenge mkwati ndi amayi ake, Abiti Saidi, ku Malindi. Mayi amenewa tsiku lodzafunsira mbeta anapukuta mpando wanga ndi nsonga ya chitenje asanakhalepo. Mpando wanga ine! Ndiye ndawatumizira mawu kudzera kwa wogulitsa usipa: "Asewele, mudzavale juzi, m'galimoto mwathu mumazizira." Ameze zimenezo.

Vuto ndi limodzi. Kuno galimoto ikaima pa ukwati amuna sayang'ana mkwatibwi, amati tatsegulani boneti tione. Yusufu wanditsegulira m'mawa asananyamuke ndi lole yake kukasiya chimanga cha othawa nkhondo ku Chiponde. Mayo ine! M'mimba mwa mbuzi muli bwino. Paipi iyi yakwera pa inzake, iyo yalowa pansi, fumbi la dziko lonse. Kani ukhondo wa azungu ndi wakunja kokha?

A ku Malindi asadzaone zimenezi. Yusufu abwera Loweruka m'mawa. Makiyi ndamanga pa chitenje.

Lachiwiri

Zofunika: phulusa, mchenga, sopo, nsanza, Fernando.

Fernando anathawa nkhondo ku Mozambiki, kwawo ankakonza malole. Anamanga kanyumba kuseri kwa yanga, ndiye ndikalankhula satsutsa, amangokanda m'mutu.

Ndakwecha injini ngati poto wa alendo. Ikuwala! Koma mapaipi awiri oyera akudutsabe pamwamba penipeni, mopingasa, ngati munthu wopanda mwambo wodumpha miyendo ya akuluakulu. Ndikumuuza Fernando awachotse pamenepo, awadutsitse m'mbali, aziyenda motsatana ngati mizere ya m'munda.

Iye akuti, "Mama, amenewo ndi a kuzizira. Muli gasi."

Ine ndikuti, "Gasiyo ali ndi maso? Adziwa bwanji kuti wadutsa njira ina?"

Wakanda m'mutu. Akuti mawa.

Lachitatu

Astaghfirullah!

Sipanala pa nati, kungopotokola pang'ono, PSIIIII! Utsi woyera tolo. Nkhuku balala. Ine amene mawondo amandikana popita kuchigayo, ndapezeka ndili kuseri kwa nkhokwe, mpango uli m'beseni la sopo.

Abiti Mdala, mnansi wanga wa makutu ataliatali, akufuula pampanda: "Mwapha njoka?" Ndikuti tikupopa matayala.

Fernando waima pomwepo, nkhope yonse mafuta. "Kuzizira kwapita, mama." Ndikufunsa kwapita kuti. Akuloza kumwamba.

Poti kwapita kale, ndati timalize ntchito. Tapinda mapaipi pa musi wanga wosinjira. Yoyamba yamvera. Yachiwiri yang'aluka. Tamanga ndi mphira wa chubu cha njinga, mfundo taibisa pansi.

Kunena zoona, injini ikukongola. Ndaiyang'ana, ndatseka boneti, chakudya chandikana.

Lachinayi

Ndapita kwa amakanika a pansi pa mtengo kumsika. Ndikuti ndikufunsira mnzanga. Akuti gasi wotere ndi ku Limbe kokha, paipi yake mwina ngakhale ku Limbeko kulibe. Kenako wina, mano onse pamtunda: "Anganga, mnzanuyo ndi wa galimoto yoyera ija?" Mangochi alibe chinsinsi. Ndabwerera njira ya kuseri kwa zigayo.

Zimene tayesa:
Pampu ya njinga. Fernando wapopa mpaka malaya kumatirira kumsana. Mphira phuu!
Nsalu yonyowa pa timabowo totulukira mphepo. Iuma usanatchule dzina lako.
Madzi a mumtsuko kuthira m'paipi. Apa Fernando wakumbatira boneti ngati mwana wake: "Ayi, mama." Koyamba kundikaniza chibwerereni. Mkazi wake amaonera pakhomo, ine ndangonamizira kufunafuna tsache.

Wogulitsa usipa wabwera ndi yankho. Abiti Saidi agula juzi pa kaunjika, yaubweya, yofiira. Auza Malindi yense kuti akukwera galimoto yozizira. Akuti ena akubwera kuchokera kutali kudzaona akunyamuka.

Ndikanangonena kuti mudzavale bwino. Pakamwa panga pamandiyenda patsogolo ngati galu.

Lachisanu

Tsiku la Juma, la mapemphero. Ndapempha mitambo. Osati mvula, mitambo chabe. Kumwamba kuli mbee ngati injini yanga.

Nzeru yatsopano: ayisi wa ogulitsa nsomba. Beseni lodzaza, pansi pa mpando, chitenje pamwamba. Fernando wazungulira ndi galimoto pabwalo, ine ndili kumbuyo ngati mlendo. Zazizira ndi zidendene zokha. Kenako wakhota, madzi khuthu! Galimoto yonse fungo la chambo. Amphaka a mudzi wonse akhala mozungulira ngati pa mlandu.

Azimayi ophika mpunga wa ukwati akufunsa ngati ndiwo tazisunga m'galimoto.

Ndatsuka. Ndatsukanso. Ndathira perefyumu wa Asiyatu, botolo lonse. Tsopano mukununkha chambo chopita ku ukwati.

Asiyatu akulira: "Anganga, perefyumu wanga ali kuti?" Ndati amphaka. Mwana ndinamphunzitsa ndekha kuti bodza ndi haramu. Wandiyang'ana m'manja, wanunkhiza, watuluka.

Wogulitsa usipa wadutsa pobwerera ku Malindi. Ndikanamuuza kuti juzi aisiye. Ndatsegula pakamwa, patuluka kuti, "Adzavale ndi masokosi omwe."

Ndine munthu wanji ine?

Loweruka



Yusufu wafika ali fumbi lokhalokha, wasamba mothamanga. "Amayi, galimoto ili bwino?" Ndati, "Ndi yoyera." Limenelo si bodza.

Popita ndamuuza asayatse, kuzizira kungathe alendo asanakwere. Waseka, wandimvera. Magalasi otsegula, kamphepo.

Ku Malindi anthu ngati pa Idi. Dzuwa lili paliwombo. Akutuluka Abiti Saidi: juzi yofiira mpaka m'khosi, masokosi, bulangete pamkono. Nthungululu! Akhala pambali panga. Mkwati kutsogolo, jekete pamwamba pa kanzu. "Tsekani magalasi," akutero okha Abiti Saidi, mokweza kuti akunja amve.

Yusufu wapotokola kabatani. Fuuu. Mpweya wa m'ng'anjo ya njerwa. Wapotokolanso. Wandipeza pa kalilole. Dzanja lake likupita pa chotsegulira galasi, ine ndamutsina kuseri kwa khosi monga ndinkachitira ali wamng'ono. Dzanja labwerera pa chiwongolero.

Anthu akutibayibitsa. Tikumwetulira.

Tayenda ndithu. Ndiye ine, mmalo motseka pakamwa: "Mukukumva kuzizira, asewele?"

Thukuta likudontha pa chibwano chawo. "Ndikukumva, asewele. Mpaka m'mafupa."

Afunyulula bulangete, afunda m'mawondo. Kenako mbali inayo aiponya pa ine. "Fundani nanunso, pa msinkhu wathu chibayo sichichedwa."

Ndafunda. Ndikanatani?

Pafupi ndi mlatho tapeza malole a chimanga ali pamzere, akuyenda ngati maliro. Mkwati wasiya kupukuta nkhope, wangotsamira galasi. Chambo chija chadzuka pansi pa mpando. Abiti Saidi akundiyang'ana, ine ndikuwayang'ana. Maso ofiira tonse. Aliyense akudikira mnzake ayambe kupempha mphepo. Palibe wayamba.

Pakhomo tatuluka ngati zovala zochapa zosafinya. Mkwati amunyamula, amuthira madzi kuseri kwa nyumba, shehe akudikira. Azimayi atizinga: "Zinali bwanji?" Apa ndiye ndathera, ndatero mumtima.

Abiti Saidi akonza juzi yawo. "Inu simungamvetse. Kuzizira kwa chizungu n'kotere, kumachita kutulutsa thukuta."

Nthungululu zina!

Amuna: tatsegulani boneti. Yusufu watsegula. Wayang'ana mapaipi. Wayang'ana mphira. Wayang'ana ine, nthawi yaitali. Amuna akuwomba m'manja: "Ukhondo wake! Ungadyerepo!"

Ndimafuna mawu amenewo sabata yonse. Ndawamvera kuseri kwa mtsuko, ndikumwa madzi ngati ng'ombe.

Lamulungu

Asiyatu wakwatiwa. Mwamuna wake wayamba kudya.

Yusufu anapita kukaima pakhomo pa Fernando, mawu atakwera kale. Ndamutsatira, ndati munthuyo amusiye, musi ndi wanga, pakamwa ndi panga. Wakhala pa mtondo, wagwira mutu. "Amayi, mwatsuka mpaka kuzizira komwe?" Akuti paipi aifunafuna, koma chaka chino ndisayembekeze. Makiyi watenga.

Abiti Saidi akana kubwerera pa galimoto. Akuti zabwino sadyera kawiri motsatana, akwera lole, pamwamba pa matumba. Asananyamuke alowa m'nyumba mwanga, akhala pa mpando uja osapukuta. Andiika juzi m'manja, yopindidwa bwino, ikadali yonyowa m'khwapa. "Sungani ndinu, asewele. Kwanu kuno ndiye kozizira." Sanaseke. Inenso sindinaseke. Tidzakumana pa maliro ndi pa maukwati mpaka kufa, iwo akudziwa, ine ndikudziwa kuti akudziwa.

Ndatsegula boneti ndekha kamodzi komaliza. Ikuwalabe, mwanawe.

Abiti Mdala akufuula pampanda kuti nawonso akufuna alaweko kuzizira kwa chizungu, apempha kale kwa Yusufu, ndipo Yusufu wati afunse mwini wake wa kuzizirako. Mphamvu za bodza latsopano ndilibe. Ndangowapatsira juzi pamwamba pa mpanda.