Dzanja la Woimba Ng'oma

Lolemba
Ndagwa pa njinga pochokera ku boma, thumba la mtedza lili kumbuyo. Thumba lili bwinobwino. Dzanja lamanja latupa pamfundo ngati chinangwa. Kuchipatala ajambula: fupa lathyoka. Sindinalire, anamwino ndi mboni.
Vuto: Lamulungu kwaya yathu ikulandira alendo a ku Mphamba, ndipo woimba ng'oma ndine. Palibenso wina!

Lachiwiri
Dokotala akundipatsa njira ziwiri. Ndati ndikaganize kaye. Munthu ngati ine sathamangitsidwa.
Chikhakha: sang'amba, koma masabata ambiri osagwira khasu kapena ng'oma. Fupa likhozanso kupola mokhota pang'ono.
Opaleshoni ku Chipata: amaikamo chitsulo, fupa limawongoka. Koma minibasi, mzere, mpeni. Nanga fodya wanga m'chigafa asankhe ndani?
Mpeni sindiuopa. Ndikungoganizira fodya.

Lachitatu
Mlamu wanga Nyirenda wabwera ndi njira yachitatu: mkulu wina womanga mafupa. Mkuluyo wandimanga ndi bango ndi luzi, kenako wathyola mwendo wa nkhuku yanga. Akuti: "Ikayenda iyi, nanunso mwachira." Pofika Loweruka! Madokotala aphunzirepo.

Lachinayi
Nkhuku ikudya bwino. Ine ayi. Zala zatupa ngati nthochi, zachita dzanzi. Ndikuyesa ng'oma ndi lamanzere. Galu wasamukira kwa aneba.

Lachisanu
Ndiwo za lero nzokoma! Ndanyambita mbale, kenako ndi pomwe ndikufunsa. Mayi a kunyumba akuti: "Nkhuku ija imavutika, bambo. Ndaimvera chisoni."
Ndadya mankhwala anga.

Loweruka
Zala zayamba kuda. Mayi safunsanso maganizo anga. Ndili pa kaliyala, akupalasa ndi iwo, msika wonse ukuonerera. Ndawongola khosi ngati ndalemba dalaivala.
Dokotala wamasula bango, wandiyang'ana nthawi yaitali. "Atate, mukanachedwanso, tikanakamba zodula." Akoka fupa. Ndakuwa, koma mwaulemu. Chikhakha mpaka m'chigongono. Za ku Chipata tidzaona akadzajambulanso.

Lamulungu
Ng'oma akuimba Nyirenda. Akuthamanga, akusokoneza amayi a kwaya, koma alendo akuomba m'manja. Sadziwa nyimbo.
Abusa popempherera odwala ayamba ndi dzina langa. Enawo ndi a malungo wamba.
Basi, chikhakha ndi changa, ndikhala nacho. Fodya asankha mayi. M'kati mukuyabwa koopsa. Ndazula sipoko ya njinga, ndikukanda ndi lamanzere. Ndipo ndikutha bwino ndithu.