Tsiku limene ndinayambitsa chipani china ku Lundazi

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda. Koma mkazi wanga wayamba kuifotokoza m'maukwati, akuthira mchere wakewake, ndiye bola ndidzivule ndekha anthu asanandivule.

Zinachitika ku Lundazi m'zaka za m'ma eite, nthawi imene dziko lathu la Zambia linali ndi chipani chimodzi chokha. Kungotchula chachiwiri kunali kudziitanira Landirova ya apolisi pakhomo. Ine Jailosi Mbewe ndinali telala pamsika wa pa boma, mwamuna wa mimba yake ndi pakamwa posatseka.

Ndipo tinali ndi timu! Lundazi Graders, ife tinkangoti Magireda. Inali ya kampani ina yokonza misewu, ndipo osewera ake anali madalaivala ndi amakaniko a kampaniyo. Sinali mu ligi yaikulu ayi, inali kunsi kwenikweni, koma inali yathu. Loweruka masana msika unkatha anthu. Manambala a pa majezi awo ndinkasoka ndine. Ng'oma ndinkaimba ndine. Refa akalakwitsa, woyamba kumukumbutsa za makolo ake ndinali ine.

Ndiye kampani ija inamaliza ntchito kwathu n'kusamukira ku Chipata. Tinati pitani bwino, misewu yake yomweyi ya zigamba. Koma anthu opanda manyazi aja ananyamulanso timu! Osewera, mipira, maukonde, mpaka zitsulo za magolo anazula n'kukweza pa lole. Pabwalo panangotsala maenje. Posakhalitsa tinamva pa wailesi akuti "Chipata Graders." Chipata! Ngati kuti anthu a ku Chipata ndiwo ankanyowa ndi mvula powaimbira! Ine kwathu n'ku Chipata komweko, koma mwezi umenewo ndinakana kwathu.

Ine ndi mnzanga a Nyirenda, msilikali wopuma amene ankakonza njinga pafupi ndi shopu yanga, tinagwirizana zoyambitsa timu yathu, yoti idzachititse manyazi Magireda pa chikondwerero cha ufulu. Tinasonkhanitsa aziphunzitsi, onyamula katundu pamsika ndi wophika wa kuchipatala. A Nyirenda anakhala kochi. Ine ndinasoka majezi ndi nsalu zotsala pa mayunifolomu a sukulu, ndipo nambala naini ndinadzipatsa ndekha, poti makina anali anga. Kumaphunziro a mpirawo ndinkapita, koma ntchito yanga inali yokalipa nditakhala pa chitsa.

Tsono mvetsani apa, chifukwa m'pamene panagona tsoka langa. Ife amene tinakulira kumbuyo kwa pulawo, ng'ombe zokoka limodzi timazitcha chipani. Gulu la anthu ogwira ntchito pamodzi, chipani. Ndiye kwa ine timu ya mpira inalinso chipani. Mawu oti timu ndinkawaona ngati a ana asukulu.

Lachisanu lina m'mawa, msika utadzaza, kunabwera dalaivala wa kampani ija atanyamula thumba. Analikhuthula patebulo panga. Majezi a Magireda, omwe aja ndinasoka ine!

"A Mbewe, abwana ati musomole pamene palembedwa Lundazi, musokepo Chipata. Ati dzanja lanu ndi labwino."

Ndinaona mdima! Ndinamuthamangitsa ndi sizasi mpaka pa mzere wa tomato. Atandithawa, mkwiyo unasowa kolowera, ndiye ndinakwera pa kireti ya mabotolo pakati pa msika.

"Anthu a Lundazi, tamverani! Zaka zonsezi takhala tikuwaimbira, kuwavinira, kuwaombera m'manja padzuwa. Atisiyira chiyani? Maenje!"

Anthu anayamba kuyandikira.

"Chipani chimenechi chatidyera masuku pamutu! Adya zathu, akhuta, akasangalatsa a m'tauni! Ine ndatopa nacho! Tikuyamba chipani china, chathuchathu!"

Msika wonse unangoti zii. Ine ndinati eya, mawu alowa. Mayi wina wogulitsa kapenta anavundikira beseni lake n'kuchoka osatembenuka. Amuna anayamba kukankha njinga zawo mwakachetechete. A Nyirenda ankandigwedezera sipanala chapatali, ine n'kumati akundilimbikitsa.

"Musaope! Amantha ndi amene atifikitsa pano!"

Pamenepo dzanja linandigwira paphewa. Mwamuna wa suti ya safari, magalasi akuda, nyuzi kukhwapa. Chinyanja chake chinali cha ku Lusaka.

"Mdala, nkhani yanu yanikondweletsa. Tiyeni ku ofesi tikakambe bwino."

Mumtima ndinati: Mulungu ndi wamkulu, siponsa wothandiza timu wapezeka! Ndinatsika pa kireti ndekha, ndipo ndinkayenda patsogolo ndine.

Ofesi yake inali kuseri kwa maofesi a boma, yopanda chikwangwani, ya zenera limodzi. Pakhomo panaima kositebo. Ine ndinakhala pampando n'kupingasa miyendo ngati munthu wa bizinesi.

"Manje, chipani chanu ichi," anayamba motero bwana wa magalasiyo, "muli angati?"

"Okhazikika tilipo khumi ndi mmodzi, bwana. Koma ena akudikira pambali. Wina akavulala, wina alowa."

"Akavulala?"

"Nanga zimenezi zimatheka popanda kuvulala? Ena adzathyoka miyendo, tikudziwa."

Bwanayo anayang'ana kositebo.

"Mukumana kuti?"

"Kuthengo, kuseri kwa damu, m'mamawa. Sitikufuna adani aone mmene tikukonzekera."

"Amene akuphunzitsani ni ndani?"

"Msilikali weniweni, bwana! Wopuma, koma mutu ukugwira. Watigawa kale: ena oteteza kumbuyo, ena olowera kumanzere, ena kumanja. Yunifolomu ndasoka kale ndi manja angawa."

"Yunifolomu!"

"Zatsala n'zida basi. Koma mlamu wanga wa ku Mzimba walonjeza kutibweretsera kuchokera ku Malawi. Adzadutsa nazo njira zachidule, pa njinga."

Ine ndinkanena nsapato za mpira ndi pampu. Bwanayo anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Ndinati munthuyu wachita chidwi, ndiwonjezere moto.

"Ndipo tsiku tasankha kale. Pa chikondwerero cha ufulu, bwanamkubwa ali pompo pa mpando wake, anthu onse akuona. Tidzawagwetsa pamaso pake! Akadzatuluka m'bwalomo adzakhala akukwawa!"

"Owombela ni ndani?"

Ndinadzimenya pachifuwa.

"Ine! Ine ndikawombera, bwana, sindiphonya!"

Bwanayo anaimirira.

"Kositebo, tseka chitseko. Uza dalaiva athile mafuta mu Landilova. Uyu apita ku Lusaka lelo."

"Ku Lusaka? Kukagula zida?"

Anamenya tebulo mpaka magalasi anadumpha.

"Iwe mdala! Uziba chilango cha munthu ofuna kugwetsa boma?"

Boma? Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira m'khutu. Ndinayamba kubwereza mumtima zonse zimene ndinanena, chimodzichimodzi, kuyambira pa kireti paja. Chipani china. Msilikali. Zida za ku Malawi. Bwanamkubwa. Miyendo imene ndinapingasa ija inamasuka yokha. Masiku amenewo munthu ankatha kukwera Landirova yotereyi, ana ake n'kukula osamuonanso, mlandu osazengedwa n'komwe. Ine ndinali ndi ana anayi ndi makina osamaliza kukonzetsa.

"Bwana! Ndi mpira! Ndikunena za mpira wamiyendo!"

"Mpila?"

"Magireda, bwana! Akuba aja anatenga timu yathu n'kupita nayo ku Chipata! Anazula ndi magolo omwe, anthu oipa mitima, afiti, ana a..."

"Khala chete! Onse tikabagwila amakamba ati ni mpila, ati ni kwaya, ati ni kalabu ya nkhuku. Iwe na mimba iyi, mpila?"

Kunja kunamveka phokoso. Anali mkazi wanga NyaZgambo, Mtumbuka wosaopa munthu, akukankhana ndi kositebo. Uthenga unali utamupeza kunyumba, ndipo anathamanga atanyamula majezi athu onse m'chitenje. A Nyirenda sanaoneke. Ndinamva pambuyo pake kuti msilikali wathuyo anapalasa njinga kulowera kunkhalango ya Lukusuzi, akuti bola njovu.

"Monire, adada," anatero mkazi wanga atagwada. "Awa ndi amuna anga. Ndi opusa, koma si oukira. Onani, majezi ake ndi awa."

Bwanayo anatola imodzi n'kuitembenuza.

"Nambala naini. Ni udindo wanji uyu?"

"Wogoletsa, bwana!" ndinakuwa. "Ndiye kuwombera ndimanena kuja!"

Anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Amai, kambani zoona pamaso pa Mulungu. Amuna anu amachaya mpila?"

Ndinamuyang'ana NyaZgambo ndi maso opempha. Koma mkazi wanga ndi wa mvano, bodza amaliopa kuposa ndende.

"Awa? Chikwatirane sindinawaonepo akuthamanga. Olo nkhuku ikalowa m'nyumba amaitana ine."

"Mayi a Tiwonge! Ukundipha!"

"Nanga ndiname, adada ŵa Tiwonge?"

Bwanayo anavalanso magalasi ake.

"Chabwino. Wakamba kuti suphonya. Tiyeni ku gilaundi. Ukagoletsa, ni mpila. Ukalephela, Landilova ilipo."

Anandiveka jezi ya nambala naini pamwamba pa malaya. Ndinaisoka poyerekeza thupi limene ndinali nalo ndili mnyamata, ndiye inathera pamwamba pa mchombo. Tinayenda choncho kudutsa pamsika, ine pakati, kositebo kumbuyo, Landirova ikutitsatira pang'onopang'ono. Anthu omwe anandithawa aja tsopano anabwerera onse, ndi abale awo omwe. Ana asukulu anatuluka m'makalasi. Bwalo linadzaza kuposa tsiku lililonse limene Magireda anasewerapo.

Magolo kunalibe, poti mbava zija zinazula. Anaimika njinga ziwiri, ina uku ina uku. Mpira anabwereka kusukulu. Kositebo anavula chipewa n'kuima pakati ngati goloboyi, koma bwanayo anamuchotsa.

"Choka. Musiye golo ilibe munthu. Nifuna nione chabe."

Golo yopanda munthu! Mtima unakhala m'malo. Ndipo nditaona maenje a magolo athu aja, mkwiyo unabwereranso wonse. Ndinauyang'ana mpirawo n'kuona nkhope ya manijala wa kampani. Ndinati lero udziwa kuti Lundazi ili ndi eni ake.

Ndinabwerera m'mbuyo. Ndinabwereranso. Anthu anayamba kuimba dzina langa: "Mbewe! Mbewe! Mbewe!" Mayi wa kapenta uja anaimba nthungululu. Ndinanyamuka ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu, mimba patsogolo ine pambuyo, fumbi koboo! Nditafika ndinatseka maso n'kuponya mwendo ndi ukali wonse wa boma la Lundazi.

Mwendo unapita. Nsapato inapita, n'kukagwera pa denga la Landirova, phoo! Ine ndinapita m'mwamba, n'kubwera chagada, dii! Ndipo m'bwalo monse munamveka kulira kwa nsalu: kweee! Thalauza langa, losoka ndekha, ine telala wa pa boma, linang'ambika kuchokera pa lamba wakumbuyo mpaka kutsogolo.

Nditatsegula maso ndinayang'ana kugolo. Kunalibe kanthu. Ndinayang'ana pambali panga. Mpira unali pomwe anauika paja, osasuntha ngakhale pang'ono, ukundiyang'ana.

Chiseko chimene chinabuka pamenepo anachimva ndi odwala kuchipatala. Kositebo anakhala pansi atagwira nthiti. Dalaivala wa Landirova anagona pa sitiyeringi, hutala n'kumangolira. Mkazi wanga anabwera akuthamanga ndi chitenje kudzandiphimba, koma nayenso mapewa ankagwedezeka.

Ine ndili chigonere ndinayang'ana bwana uja. Sindinagoletse. Landirova inali pompo, injini ikulira. Anayandikira, n'kundiyang'ana kuchokera ku phazi lopanda nsapato mpaka ku jezi yothera pamchombo. Milomo yake inkanjenjemera, akulimbana nayo kuti isatseguke.

"Bwana," anafunsa kositebo akupukuta misozi, "timukweze?"

"Zimya injini, tisaononge mafuta ya boma," anatero bwanayo mokweza kuti bwalo lonse limve. "Amai, tengani katundu wanu. Chinthu chimozi chabe chamene uyu mdala angagwetse mu Zambia muno, mwachiona mweka. Ni yeve mwine."

Ndinapita kunyumba nditavala chitenje cha mkazi wanga, nsapato imodzi m'manja.

Abale anga, mkwiyo umanola lilime lokha, mwendo umausiya mmene unaupezera.