Nyali Imene Inadzutsa Manda

Nkhani iyi ndimakonda kuikamba ndekha, chifukwa ndikaisiyira akazi anga amawonjezeramo zina zimene sizinachitike, komanso zina zimene zinachitikadi koma si zokamba pagulu. Ngati munamvapo za bambo wina wa kumapiri kuno amene anadzutsa manda onse ali paulendo wa kuchimbudzi, musafunsenso kutali. Ndine.

Ndimakhala pa kamsika kena, m'mbali mwa msewu wafumbi wochoka ku Dowa kupita ku Ntchisi. Kutsogolo kuli kagolosale kanga, kumbuyo kwake nyumba, kenako khola la mbuzi ndi chimbudzi. Ukapitirira pamenepo malo amatsetsereka mpaka kuchigwa, ndipo kutsidya kuli msitu wa manda.

Akuba atandibera mbuzi, ndinakwera basi wa ku Lilongwe n'kukagula nyali ya sola, chinyali chachikulu ngati lichero. Inali yanzeru zake: chinthu chikangoyenda patsogolo pake imayaka yokha, kukakhala bata n'kuzimanso yokha. Ndinaipachika pamlongoti wa bulugama n'kuilozetsa kumsewu. (Anthu ndinkawauza kuti ndi ya chitetezo. Chitetezo chinalipo ndithu, koma matama ndiwo anali ochuluka.)

Vuto linali lakuti msewuwo umatsika phiri n'kudzakhota pagolosale panga penipeni. Wanjinga akamatsika madzulo, nyali ija imamuwalira kumaso kuti ngwee, iye n'kuthobwa. A Jekapu, bambo wamtali wojintcha amene nyumba yawo inayang'anana ndi yanga, nawonso ankadandaula kuti kuwalako kumalowa pawindo mpaka pamphasa. Nthawi imeneyo n'kuti akudwala.

"Achimwene," anandiuza tsiku lina akuseka, "nyali yanuyi idzanditsatira mpaka kumanda."

Nanenso ndinaseka. Sanakhalitse, anatisiya, tinakawaika kutsidya kuja.

Chimene chinaitanitsa msonkhano ndi Layisoni, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto. Anathobwa pokhota paja n'kukagwera m'ngalande pamodzi ndi mayi amene anamunyamula, dengu la tomato balala! Mayiyo anabzungunyuka mkono. Komiti ya pamsika inatiitana tonse, ndipo wapampando wake, mayi Nachisale, mphunzitsi wopuma ntchito amene amayendera ndodo, anaimirira n'kulengeza lamulo.

"Nyali iliyonse ya panja iziloza pansi, ndipo ivale chisoti pamwamba. Isawalire mumsewu, isalowe pawindo la mnzako. Wokana, komiti idzabwera kudzamutsitsira."

Sanatchule dzina, koma makosi onse anatembenukira kwa ine.

"Mayi wapampando," ndinatero, "kodi masiku ano mdima nawonso uli ndi komiti?"

"Mdima ulibe komiti, bambo a Tadala, koma maso a anthu ali nayo. Kale tikakhala pakhonde tinkaona nyenyezi. Lero tikatukula mutu timangoona inu."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinabwerera kunyumba mtima uli phuphuphu, ndipo m'njira momwemo ndinapeza nzeru. (Nzeru zobwera munthu atakwiya muzizisiya zigone kaye.) Anati pansi? Chabwino. Ndinaitsitsa pamlongoti n'kukaikhazika pansi penipeni, pa njerwa, kuseri kwa nyumba. Anati isawalire mumsewu kapena pawindo la munthu? Ndinaitembenuzira kuchigwa, kumene kulibe msewu, kulibe windo. Za chisoti ndinachita ngati sindinamve.

Akazi anga, Nabanda, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tadala, mwailozetsa kumanda."

"Akufa alibe komiti," ndinayankha.

"Ayi, zikomo," anatero, n'kulowa m'nyumba. Nabanda akati "ayi, zikomo" ndiye kuti wakupereka m'manja mwa Mulungu.

Unali mwezi wa Juni. Amene munakhalako kumapiri kuno mukuidziwa nkhungu yake: imakwera kuchokera kuchigwa dzuwa likangolowa, yoyera, yolemera, mpaka nyumba ya mnzako osaionanso. Tsiku limenelo kutangoda, anthu akadali maso, mawailesi akulira m'nyumba, ndinatuluka kupita kuchimbudzi. Ndinafunda bulangete kuyambira m'mapewa, chipewa kumutu. Panja panali zii. Ngakhale agalu sankauwa.

Nditangokhota pangodya ya nyumba, nyali inayaka kumbuyo kwanga. Ndinatukula maso, ndipo ndinachiona.

Pamwamba pa manda panaima chimunthu. Chinali chachitali kuposa mitengo ya kumandako, chakuda bii, chopanda nkhope, chofunda chinsalu mpaka kumapazi. Mutu wake unazunguliridwa ndi kuwala kotuwa. Sichinkayenda. Chinangoima njo, kundiyang'ana ndi nkhope imene chinalibe.

Mawu a a Jekapu anamveka m'makutu mwanga ngati akuwanena pompano.

Ndinakweza dzanja kuti ndichite chizindikiro cha mtanda. Nacho chinakweza dzanja, chidzanja chotalika ngati mlongoti, kuloza kumwamba. Ndinatsitsa msanga. Nacho chinatsitsa. Ndinati ndigwade ndipemphere, chinayamba kunyonyomala pang'onopang'ono ngati galu wofuna kulumpha. Pamenepo ndinauma gwa, osaphethira, osapuma.

Popeza ndinaleka kuyenda, nyali ija inazima.

Ndikuuzeni, kuchiona kunali koopsa, koma kusachiona kunaposa. Mumdimamo ndinkadziwa kuti chilipo, koma osadziwa kuti chafika pati. Madontho a nkhungu ankagwa kuchokera padenga, tho, tho, ine n'kumati ndi mapazi ake. Ndinabweza mwendo umodzi kumbuyo kuti ndithawe. Nyali ngwee! Chimunthu chija chili pomwepo, nacho mwendo uli m'mwamba, chikubwera.

"A Jekapu," ndinanong'ona, "pepani achimwene. Ndiichotsa mawa. Ndiichotsa lero lomwe."

Apa ndi pamene zimene ndinkapitira kuchimbudzi zinatheka zokha, osafikako. (Ndalonjeza kukamba zoona.) Kenako ndinakuwa. Sindikumbuka mawu ake. Nabanda amati ndinaitana amayi anga, amene anamwalira kalekale.

Woyamba kufika anali Nabanda yemweyo, atanyamula munsi. Atangofika pambali panga, kumanda kunadzuka chinanso, chachikazi, chonyamula chimtengo. Nabanda anataya munsi n'kugwira mkono wanga mpaka zikhadabo kulowa. Anthu anamva mkuwo n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, akuganiza kuti ndi akuba. Aliyense akafika, kumanda kunkadzuka wina. Posakhalitsa chigwa chonse chinadzaza ndi zimphona zakuda, zina ndi zibonga, zina ndi zikwanje, zikugwedezeka mwakachetechete pamwamba pa mitengo.

Mayi wina anayamba nyimbo ya maliro. Mkulu wina wa mpingo anagwada n'kuyamba kupemphera mofuula, akutchula machimo a mudzi wonse, ena mwa iwo ndi mayina omwe. Layisoni, amene anabwera akutsimphina ndi bala lake lija, anandiyang'ana n'kunena chapansipansi, "Bambo, mwawaputa."

Phokoso lija linadzidzimutsa mbuzi, ndipo tonde wanga anathyola chitseko cha khola n'kudutsa pafupi penipeni ndi nyali. Chimene chinatuluka kumanda nthawi imeneyo sindidzachiiwala: chimutu chodzaza thambo lonse, nyanga ziwiri, ndevu zikulendewera. Pemphero linadukira pakati. Ena anathawa.

Mayi Nachisale anafika pomalizira chifukwa cha mwendo wawo. Anaima pakati pathu, nawonso kakasi. Ndinawamva akupuma mofulumira. Anakweza ndodo kuti aloze, kenako anaima. Anaitsitsa. Anaikwezanso, n'kuigwedeza uku ndi uku. Kumanda, chimphona china chinagwedeza ndodo uku ndi uku.

Anatembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana nyali ili pa njerwa paja, kenako ine.

"Bambo a Tadala, takwezani mwendo."

"Mayi?"

"Kwezani mwendo, ndati."

Ndinakweza. Chimunthu cha bulangete chinakweza.

"Vulani chipewa."

Ndinavula. Nacho chinativulira chipewa mwaulemu.

"Tonse tikhale pansi," analamula. Tinakhala pansi, pa udzu wonyowa, ndipo gulu la kumanda lija linamira m'nkhungu. Zinali zithunzithunzi zathu zomwe, nyali ikuziponya pankhungu ngati kanema pachinsalu.

Woyamba kuseka anali Layisoni, kenako onse, ena mpaka kugubuduka. Nditaimirira, nyali yanga yokhulupirika ija inaonetsa aliyense mmene buluku langa linalili.

"Ndi mame," ndinatero.

"Mame a chaka chino ngofunda," anayankha Nabanda, mkazi amene ndinamukwatira kutchalitchi.

Kutacha kunabwera chimene chinandiwawa kuposa kusekedwa. Ndikusesa pagolosale ndinamva "odi" wapansipansi. Anali mayi wamasiye wa a Jekapu, atavala zakuda. Madzulo aja sanatuluke, anangomva anthu akutchula dzina la amuna awo.

"Achimwene," anatero maso ali pansi, "akuti munawaona. Amaoneka bwanji? Amaoneka ovutika?"

Ndinasowa poyang'ana. Ndinawapatsa mpando n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa njerwa mpaka pa tonde. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndiye kuti akugona bwino," anatero. Ataima kuti azipita anawonjezera, "Asiyeni agone, achimwene. Kunyumba kuja sankagona ndi nyali ija."

Tsiku lomwelo ndinadula chitini cha mafuta ophikira n'kupanga chisoti. Nyali ndinaibwezera pamlongoti, yoweramitsa mutu ngati mkamwini pamaso pa apongozi, ikuwalira pakhola pokha. Komiti sinachite kubwera. Kwa eni manda ndinapita ndi nkhuku kukapepesa, ndipo Layisoni akadutsa pokhota paja masiku ano amaliza hutala n'kukweza mwendo umodzi.

Pali kanthu kamodzi kamene sindinauze komiti. Pamene mayi Nachisale anati tonse tikhale pansi, zimphona zonse zinamira, koma chimodzi, chachitali, cha kumapeto, chinatsala chili chiimire. Ndinachiona ndi maso angawa. Nabanda akuti unali mtengo wa papaya umene unali pafupi ndi khola, ndipo mwina akunena zoona, pakuti kawirikawiri amanena zoona. Njira yodziwira ndi yosavuta: kudikira nkhungu, kubwezera nyali pa njerwa, n'kuyang'ana. Ine papayayo ndinangomudula, ndipo nyali sindidzaitsitsanso. Anthu amati ndinaphunzira kumvera malamulo. Ndimangowavomera.