Mbuzi Inafera Sitima ya Eni

Mbuzi yathu yonenepa ija inafa chabe, ndipo musafune wolakwa kutali, ndine.

Mwana wanga Yamikani anapeza ntchito yophika m'sitima ya pamadzi yonyamula tirigu ndi simenti. Asanapite anandiikira pafoni mapu oonetsa pamene sitimayo yafika. Kwathu ku Vubwi netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndiye ndikaweruka kophunzitsa ndinkakwera pamenepo, n'kumayang'ana kadontho kobiriwira kakukwawa panyanja. (Ine madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a Luangwa, pamlatho, basi ikuthamanga.)

Sitimayo ndinailoweza pamtima. Mwa sitima zinzake ndi yaing'ono, ati, koma utali wake ngati bwalo la mpira, ndipo mimba yake ingameze chimanga cha mudzi wathu wonse. Ndikatsinzina ndinkaona Yamikani akukazinga anyezi, pazenera pali madzi okhaokha. Uku mtedza wanga udzu ukuumeza.

Tsiku lina kadontho kanakhota, pansi pake atalemba kuti Nacala. Ku Nacala n'kufupi, amalonda akwathu amafikako. Ndinauza amayi anzanga akumpingo kuti mwana akubwera, tinaphika thobwa.

"Mwamufunsa mwiniwake?" anatero bambo ake.

"Ndimufunsirenji poti ndikumuona ndi maso?"

Mbuzi inaphedwa Loweruka. Amayi atayamba nyimbo pabwalo, ndinakwera pachulu n'kumuimbira foni Yamikani kuti ndimve ngati wadutsa kale malire.

"Amama, sitima imeneyo n'naisiya mvula isanayambe," anatero Yamikani. "Ndili pa ina, tili ku India. Sin'nakuuzeni?"

Sanandiuze. Dzinja lonse ndinali kupempherera ana a eni mphepo yabwino.

Ndinayamba ndalira kuseri kwa chulu, chifukwa mwanayo ndinamusowa zedi. Kenako ndinakaulula. Amayi anadya mbuzi mwaulemu, kuseka anakayambira kumsewu (ndinawamva ndithu).

Dzina la sitima yatsopano Yamikani ananditumizira, ndipo ndinaliika pafoni. Koma yakale ija sindinaichotse. Dzulo inkalowa ku Beira pang'onopang'ono, ndipo ndinaiperekeza mpaka itaima. Muli wophika wina mmenemo, ndipo sindidziwa ngati kwa amayi ake kuli chulu.