Mphindi Yanga Imodzi ku Balaka

Lolemba

Zatheka! Loweruka ku Balaka kuli msonkhano wa achinyamata a ntchito zamanja, ndipo Esinati, mnzanga wa saluni uja, wandilembetsa. Aliyense akupatsidwa mphindi imodzi: uimirire, unene kuti ndiwe ndani ndipo umachita chiyani, belu likalira ukhale pansi. Kukubweranso bwana wa kampani imene ikuika mapampu a sola m'minda ya ku Mposa. Akufuna anthu odziwa mawaya. Wodziwa mawaya ndi ineyo! Pa Nkaya pano denga loti lili ndi sola ine osalikwerapo ndi lakuti?

Amalume a Jafali, amene anandilipirira sukulu ya zamagetsi, anena mosapsatira: ntchito ikapanda kupezeka sabata ino, Lolemba likubwerali ndikukwera sitima ya ku Nayuchi kukathandiza mayi aang'ono kugulitsa kaunjika. Ine kaunjika? Ndi manja awa? Sizingatheke.

Mawu ndakonza kale. Dzina langa. Ndimachokera pa Nkaya. Ndimaika ndi kukonza magetsi a sola, ndipo ndine katswiri. Mukandilemba ntchito simudzanong'oneza bondo. Basi! Mphindi ikutsalako, munthu akhoza kumweramo madzi.

Lachiwiri

Ndikuyeserera pa amayi, iwo akupeta nandolo pakhonde. Ndangomaliza, lichero laikidwa pansi. Chizindikiro choipa.

"Iyayi. Munthu kungodzambatuka pamaso pa akuluakulu n'kuyamba ndi dzina lako, ngati wakufunsa wapolisi? Moni wamusiya kuti?"

Pa mawu oti katswiri ndiye agwira pakamwa. Akuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, anthu adzati mwana wa uje ndi wodzikonda. Mumtima ndikuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pakamwa ndikungoti chabwino amayi.

Ndaikamo moni wamng'ono kutsogolo. Katswiri ndamuchotsa, m'malo mwake ndaika "ndimayesetsa". Zikumvekabe bwino. Golide ndi golide ngakhale umukulunge m'chiguduli.

Lachitatu

Ndili kuseri kwa nyumba, foni m'manja ndikuyeza nthawi. Omvera anga: nkhuku, mbuzi ya aneba, ndi amalume amene sindinawaone kuti akhala pansi pa mtengo wa mango.

"Zonse nzabwino mwana wanga. Nanga ine ndili pati?"

Zoti ziwonjezeredwe, malinga ndi amalume: kuti ndine mwana wa mlongo wawo, mudzi wathu ndi dzina la agogo, chifukwa bwanayo mwina amawadziwa, mbuzi zimene anagulitsa kuti ndiphunzire, ndiponso kuti sindiyendayenda. Chomalizachi akuti n'chofunika kuposa mawaya.

Tsopano mawu anga akuposa mphindi ziwiri. Ndayesa kuthamangitsa lilime, ndikumveka ngati woitanira minibasi. Komabe mantha ndilibe. Mawa Esinati akonza.

Lachinayi

Pa kabaza mpaka ku Balaka. Esinati akuluka munthu, ine ndikulankhula, iye akudula. Agogo achoka. Mbuzi zachoka. Moni wachoka. Katswiri wabwerera!

Malamulo ake, akuti anawamva ku maphunziro a bizinesi: munthu umuyang'ane m'maso. Dzanja uligwire mwamphamvu. Usapinde mawondo. Dzanja lamanzere lisapite kukagwira chigongono, likhale phee m'mbali. Mayi amene amalukidwayo anangoti, "Kumeneko ndi kufuna ntchito kapena ndewu?" Nsanje basi.

Madzulo ndayesa pa amalume. Ndawagwira dzanja mwamphamvu, maso tong'o m'maso mwawo.

"Ukundiyang'ana choncho, ndakubera chiyani?"

Ndawafotokozera kuti ndi mmene amachitira anthu a m'maofesi. Apukusa mutu, akuti nkhaniyi yafika poti akuluakulu aidziwe. Sindikudziwa kuti akutanthauza chiyani, ndipo sindikufuna kudziwa.

Lachisanu

Tsopano ndadziwa.

Amalume abwera kuchokera ku mzikiti akumwetulira. Alengeza kwa onse kuti mwana wa mlongo wawo akukalankhula pamaso pa mabwana ku Balaka. Ndiye mawa akundiperekeza: amalume eni ake, a Shehe, ndi a Likaka, aphunzitsi aakulu opuma amene anandiphunzitsa sitandade eyiti, omwe si a mzikiti n'komwe koma nkhani yawapeza pa golosale. Akuti akukandilimbitsa mtima. Mtima wanga unali wolimba kale!

Palibe kanthu. Akakhala kumbuyo, ine ndikayang'ana bwana yekha. Ndasita bulauzi yoyera, ndapukuta nsapato. Mawu anga ali pamutu ngati dzina langa lomwe. Mposa, konzeka, ndikubwera.

Loweruka

Sanakhale kumbuyo.

Okonza msonkhano ataona ndevu zoyera ndi jekete la a Likaka, awatengera kutsogolo penipeni, pambali pa bwana wa mapampu. Awapatsanso madzi a m'botolo.

Akuyamba mnyamata wa ukalipentala, watha bwinobwino. Wina wowotcherera, watha. Mtsikana wosoka wachita chibwibwi koma dzina wanena. Ine ndikungoti dikirani muone.

Andiitana. Ndaimirira, ndagwira chinkuzamawu. Ndikufuna kuyang'ana bwana, koma maso agwera pa a Shehe, munthu amene anandipatsa dzina ndili wakhanda, akundiyang'ana akudikira. Mawondo apinda okha. Dzanja lamanzere lathawira ku chigongono lokha. Ndati ndingopereka kamoni kamodzi, kachangu.

Kamoni kachangu kwa a Shehe kulibe. Ayankha salamu yonse mpaka kumapeto kwake, mosathamanga. Ndiye ungapatse moni a Shehe n'kudumpha aphunzitsi? A Likaka aimirira ndithu: "Tili bwino mwana wanga, kaya amayi, mwendo uja ukupeza bwanji?" Funso la mwendo wa mayi ako sungalisiye m'malere pamaso pa holo yonse. Ndayankha kuti ukupezako bwino. Amalume nawo atukula dzanja kuti ndisawaiwale, ngakhale tadyera limodzi phala m'mawa. Ndipo poti onse alandira, bwana angatsale? Ndawapatsa moni. Ayankha mwaulemu, afunsanso za ulendo.

"Tayenda bwino bwana. Ine dzina langa ndine..."

Ngeee! Belu.

M'manja mwaombedwa kuposa onse. Mayi wina kumbuyo waimba nthungululu.

Pa nthawi ya tiyi ndawasaka bwana mpaka ndawapeza pakhomo. Andigwira dzanja ndi manja awiri: "Ana aulemu ngati inu akusowa masiku ano. Paja mumasoka zovala eti?" Ndisanatsegule pakamwa amalume alowapo: "Ameneyu bwana ndi mwana wa mlongo wanga," n'kuyamba za mbuzi. Mbuzi yachiwiri isanagulitsidwe, dalaivala waliza hutala. Galimoto yapita.

Atenga anyamata atatu. Mmodzi ndi Yusufu wa kuseri kwa njanji, amene chaka chatha ankandinyamulira makwerero.

Lamulungu

Ndalira, ndisaname. Ndinatsekera chitseko n'kulira bwinobwino, chifukwa ntchito ija inali yanga ndipo ndinaisiya ndekha ndili chiimirire, chinkuzamawu chili m'manja.

Kunjaku ndiye chikondwerero. Amayi akuyenda mutu uli m'mwamba, akuti Nkaya yonse ikukamba za mwana amene anawalemekeza ku Balaka. A Likaka atumiza papaya. Amalume akuti sanawononge mbuzi zawo, koma mawu ndi mawu, sitima ndi ya mawa.

Ndikulongedza. Zitenje, bulauzi yoyera ija, nsapato. Pansi penipeni pa chikwama ndaikapo zipangizo zanga ndi mpukutu wa waya, amalume asaone. Ku Nayuchi nakonso kuli madenga, ndipo dzuwa ndi lomweli. Kaunjika ndigulitsa, koma aliyense wogula malaya amva kaye mphindi yanga, afune asafune.

Kumeneko, kupatula mayi aang'ono, kulibe amene amandidziwa. Mwina ndikafika pa dzina.