Supuni ya Apongozi

Lolemba, 14 Okutobala
Dzuwa likuotcha ngati lakwiyira munthu. Uthenga wochokera ku loji ya alendo: a Zulu, mkulu wa ophika, akuti chiponde chathu chimasinthasintha. Lero mchere wambiri, mawa mafuta ali yandayanda pamwamba. Loweruka akufuna mabotolo makumi anayi ofanana. Zikakanika, azigula ku Chipata. Loji ikatisiya, makina ogayira mtedza ndingowagulitsa basi.
Malamulo atsopano ndamata pachitseko cha shedi:
– mtedza wofumbwa usalowe
– mchere wa pa supuni, osati wa m'manja
– botolo lililonse lilawidwe lisanatuluke
Wolawa ndamupeza kale: apongozi anga. Chikwatiwire, sanakhutirepo ndi chilichonse chimene ndaphika. Luso lotere lisamangothera pakhonde!

Lachiwiri, 15 Okutobala
Apongozi afika ndi supuni yawoyawo. Akunyambita, akutsinzina, akupukusa mutu. Mabotolo awiri akanidwa. Ndikusangalala, ntchito ikuoneka.
Tisa, wokazinga mtedza, akufunsa: "Nanga okanidwawo apita kuti, madamu?" Ndikuti tikataya ku dzala. Apongozi kugwira pakamwa: "Chakudya sichitayidwa, amake Dalitso. Ndi tchimo." N'zoonadi. Lamulo lachinayi: botolo lokanidwa, apantchito atenge.

Lachitatu, 16 Okutobala
Okanidwa achuluka. Zifukwa za apongozi:
– ili likumveka utsi
– ili utsi mulibe n'komwe
– ili langoti zii
Ndalawa ndekha mobisa. Kusiyana palibe! Koma apongozi ungawatsutse bwanji pamaso pa antchito? Tisa ndi Mabvuto wa pamakina akuti dongosolo latsopanoli ndi labwino kwambiri. Mabvuto lero wabwera ndi chikwama.

Lachinayi, 17 Okutobala
Magetsi kulibe mpaka masana. Tagaya pang'ono, takana zambiri. Mabvuto wayamba kuthandiza apongozi kupeza zolakwika: "Agogo, ili chitsekero chapendekeka." Wotseka mabotolo ndi iye yemwe!
Ndadandaulira amuna anga. Yankho: "Amayi munawaitana ndinu." Akutero akupaka chiponde pa buledi. Botololo ndikulidziwa.

Lachisanu, 18 Okutobala
Ndafafaniza lamulo lachinayi. Apongozi sakukalipa. Angoika supuni pansi, maso kutali: "Ine pano ndine mlendo. Ndizipita." Ndagwada, ndapepesa, ndalembanso lamulo lija ndi dzanja langa lomwe.
Mtedza watha m'matumba. Ndathamangira kumsika wa Mfuwe, wotsala ndi wofumbwa wokhawokha, ndipo lamulo loyamba ndinalemba ndine. Mabotolo opambana mayeso: khumi ndi limodzi. Mtima ukundiwawa, sindinama.

Loweruka, 19 Okutobala
Panjinga mpaka ku loji, katoni ili gwedegwede kumbuyo chifukwa chosadzaza. A Zulu atsegula limodzi, alawa. Lachiwiri, alawa. "Ichi ndiye chiponde, amayi! Onse ofanana. Nanga ena twente-naini ali kuti?" Ndikuti sanapambane mayeso. Akuti alendo awo sadya mayeso. Minibasi ya Lolemba iwabweretsera chiponde cha ku Chipata.
Pobwerera ndakankha njinga njira yonse. Mphamvu zopalasa zinandithera.

Lamulungu, 20 Okutobala
Kutchalitchi moni wachuluka. Amayi a kwaya akundigwira ndi manja awiri. Anamwino a ku kiliniki nawonso. Ngakhale aphunzitsi aja anachokera ku Kitwe, amene sitinalankhulanepo: "Zikomo chiponde, madamu." Abale a ku Malama atumiza mawu kuti mabotolo awo afika bwino.
Masana apongozi atiitanira chakudya. Mfutso wotendera. Pashelefu pawo mabotolo anga ali ndandanda ngati m'golosale. Akundipakulira okha, akuti: "Idyani, amake Dalitso. Chiponde chanu chilibe chilema."
Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira mawu amenewa. Abwera loji itapita kale.
Za makina ndiganiza mawa. Ndapempha ndiwo zina.